Ndinali Mbusa wa Nkhunzi ku Joni

Adada anga amandiyeza ndi mawu amodzi: kusiya. Ndinasiya koleji ku Mzuzu ndili chaka chachiwiri, ndikuphunzira za makompyuta. Fodya sanagulidwe bwino chaka chimenecho ndipo fizi inasowa, koma kwathu ku Edingeni palibe amene amakumbukira za fodyayo. Amangokumbukira kuti mwana wa a Soko anasiya sukulu. Tsiku lomwe ndinkakwera galimoto ya thiransipota pa depoti ya Mzimba kupita ku Joni, adada sanati uyende bwino. Anati, "Kumeneko usakasiyenso."

Ndinapita kuti mawu amenewo awameze. Zina zonse, njinga ndi mabulangete omwe ndinkatumiza, zinali zongowonjezera.

Amene anandiitana anali alamu anga a Vitumbiko Moyo, amuna a achemwali anga a Tiwonge. Iwo anali ndi mapepala onse, ndipo kwathu ankawatenga ngati mlatho: aliyense wofuna kuwolokera ku Joni ankadutsa pa iwo. Anandigoneka m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yomwe ankachita lendi, pakati pa matayala akale ndi firiji yakufa. Masiku omwe anandidindira m'pasipoti atatha, ndinakhala ngati anzanga ambiri a ku Mzimba kumeneko, woyenda maso ali kumbuyo. Ukaona galimoto ya polisi umalowa m'shopu n'kuyamba kufunsa mitengo ya zinthu zomwe sungagule. Ukalankhula pa basi umatsitsa mawu kuti lilime lisakuulule.

Alamu ankagwira ntchito pa kakampani kolemba pulogalamu ya makina a m'mashopu, aja amawerengera katundu n'kutulutsa risiti. Kumeneko ndi komwe anandilowetsa.

Olemba mapulogalamu amalemba mawu okhaokha, m'mafayilo ambirimbiri. Mawuwo paokha sagwira ntchito. Pamafunika kuwasonkhanitsa, kuwadutsitsa m'chida chotchedwa kompaila chomwe chimawasandutsa chinthu chomwe makina amamva, kenako kuwamanga mtolo umodzi wokapereka kwa kasitomala. Pa ofesi ntchito imeneyi ankaitchula kuti bildi. Ine ndizingoti kumanga.

Tsoka la kampaniyo linali lakuti pulogalamu yawo inkamangika pa kompyuta imodzi yokha padziko lonse lapansi. Chinali chibokosi chakale cha Windows, chotuwa, chokhala m'chipinda chosungiramo katundu chopanda windo. Amene anachikonza anachoka kalekale ndipo palibe ankadziwa zonse zomwe anaikamo. Ukatenga mafayilo omwewo n'kuyesa kumanga pa kompyuta ina, ngakhale yatsopano yonyezimira, zinkakana. Olemba onse a mu ofesi ya m'mwamba, ndi masukulu awo, akamaliza ntchito ankatumiza zolemba zawo ku chibokosicho n'kudikira.

Amene anachipatsa dzina anali a Gondwe, mlonda wa pageti, munthu wa ku Chikangawa yemwe kale ankacheka matabwa. Nditawafotokozera ntchito yanga tikudya buledi pageti, anaseka mpaka kutsamwa.

"Mbwenu khola lonse likudalira nkhunzi imodzi! Ng'ombe zonse zija m'mwambamo sizingabereke popanda iyo?"

"Sizingabereke."

"Ndiye iwe ndiwe mbusa wake. Wachoka ku Edingeni kuthawa ng'ombe, wadzapeza ng'ombe. Sukulu ija inakuthandiza chomene, mphwanga."

Dzinalo linakakamira. Ngakhale bwana, mzungu wonenepa wosavala nsapato mu ofesi, anaphunzira kulitchula mokhotakhota.

Ndinaiweta Nkhunzi. Ikatentha ndinkachotsa chivundikiro n'kuilozetsa fani. Magetsi akathima ndinkathamanga kukaizimitsa bwinobwino batire lisanathe. Ikaima pakati pa ntchito ndinkayambanso, olemba akugogoda pachitseko kufunsa ngati zatheka. Nthawi yozizira chipindacho chinkakhala ngati firiji, ndiye ndinkaotha mpweya wotuluka kumbuyo kwake. Alendo akabwera ku ofesi, alamu ankatseka chitseko changa ndi kiyi kuti wina asafunse kuti wakuda wa m'katiyo ndi ndani ndipo analembedwa bwanji. Ndinkakodzera m'botolo mpaka alendowo apite. Izi adada sanazimve. Iwo ankalandira bulangete n'kuuza anthu ku tchalitchi kuti a Moyo amupezera mnyamata ntchito ya mu ofesi.

Kenako zinthu zinayamba kuthina. Makasitomala atsopano ankafuna makina otchipa oyendera Linux. Anyamata atsopano olemba mapulogalamu ankabwera ndi malaputopu a Mac ndipo ankadandaula kuti sangayese okha zomwe alemba. Bwana anandiitanitsa m'mwamba, koyamba chilowereni changa. Alamu anali pomwepo.

"Ndikufuna pulogalamu yathu izimangika paliponse," anatero bwana. "Pa Windows, pa Linux, pa Mac, pa kompyuta iliyonse yomwe ndingatole mumsewu. Ukachita zimenezo ndikukonzera mapepala. Uzikhala ngati munthu."

Tikutsika masitepe alamu anandigwira paphewa. "Mlamu, mwayi wako ndi umenewu. Usautaye."

Sindinkaganiza za polisi panthawiyo. Ndinkaona tsiku lomwe ndidzafike ku Edingeni pa Khirisimasi n'kuika pasipoti yodindidwa patebulo pamaso pa adada, osanena kanthu.

Ntchitoyo inandidyera pafupifupi zaka ziwiri. Amene anaumbapo njerwa andimvetsa. Pulani ya nyumba ikhoza kukhala imodzi, koma ngati zikombole zili zosiyana, khoma silikumana pakona. Malangizo omangira a kampaniyo analembedwa ndi munthu yemwe ankadziwa chikombole chimodzi chokha. Paliponse analemba kuti pita pa disiki yotchedwa C, lowa m'foda ya Deni, tenga chida chakuti. Deniyo, amene anakonza Nkhunzi, anachoka ine ndisanabwere, ndipo pa Linux palibe C. Windows imalekanitsa mayina a mafoda ndi kamzere kopendekera kumbuyo, enawo kopendekera kutsogolo. Windows ukaiuza dzina la fayilo ndi zilembo zazikulu kapena zazing'ono imakumva basi, pomwe Linux imati awa ndi mafayilo awiri osiyana, ndipo limodzi kulibe. Kumapeto kwa mzere uliwonse kuli tizizindikiro tosaoneka ndi maso, ndipo nato timasiyana. Sabata yathunthu inatha ndikusaka cholakwa chomwe sichinkaoneka n'komwe.

Zimenezo zinali zazing'ono. Chachikulu chinali chakuti Nkhunzi inali ndi zinthu m'mimba mwake zomwe palibe analemba paliponse. Tizidutswa ta mapulogalamu a anthu ena tomwe wina anakopera m'foda ina zaka zapitazo n'kuiwala. Kompaila yakale yomwe inkalekerera zolakwa zomwe zatsopano zimakana. Ukakonza chimodzi, pansi pake pamatuluka zitatu. Zikatheka pa Linux, pa Mac zafa. Ukadzutsa Mac, Windows yomwe inkayenda dzulo yakwiya. Ndinalembanso malangizo onse kuti asamanene kuti chida chili pakuti, koma aziyamba afunsa kuti ndili pa makina anji, zida zili kuti, chikusowa n'chiyani, kenako azikatenga okha.

Olemba a m'mwamba ankandida chifukwa ndinkawabwezera ntchito zawo kuti akonze. Wina anandifunsa ngati kwathu kuli magetsi. Ndinamuyankha kuti kulibe, ndipo akonzebe fayilo yake.

A Gondwe okha ndi amene sankasangalala.

"Ukuti ikatha ntchitoyi ng'ombe iliyonse izibereka yokha?"

"Eya."

"Nanga mbusa?"

"Mbusa alandira mapepala."

"Nadi?" Anapukusa mutu. "Ku Chikangawa tinkacheka ndi sowo wamanja, wina pamwamba wina m'dzenje. Mwini matabwa atagula makina, ife ndi amene tinamuthandiza kuwatsitsa mu lole. Tinawathira simenti pansi. Tinaombera m'manja atalira koyamba. Ukundiona pano ndili pageti ku Joni, ukuganiza kuti ndinabwera kudzaona malo?"

"Alamu analipo pomwe bwana ankalonjeza."

"Yewo. Alamu."

Ndinawakwiyira masiku angapo. Ndinkaona ngati ndi nsanje ya munthu wokalambira pageti.

Tsiku lomwe zinatheka ndimalikumbukira. Bwana anabweretsa laputopu yatsopano, yongotulutsa m'katoni. Analemba lamulo limodzi lokha. Tinaima kumbuyo kwake tikuonerera mizere ikuthamanga, mpaka pansi panatuluka mawu obiriwira. Anayesa pa Linux, chimodzimodzi. Pa Mac yake, chimodzimodzi. Anthu anaomba m'manja. Anagula nyama yootcha, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadyera limodzi nawo m'mwamba.

Mwezi usanathe bwana anandiitananso. Anati tsopano kumanga kuzichitikira pa makompyuta obwereka a pa intaneti, okha, popanda munthu. Chipinda chosungiramo katundu achipereka kwa ena. Za mapepala anati malamulo avuta, sangaike kampani pachiswe chifukwa cha munthu mmodzi.

"Munalonjeza," ndinatero.

Anadabwa zenizeni. Anatembenukira kwa alamu. "Vitu, sunamuuze? Tinakambirana chaka chatha kuti sizitheka."

Alamu ankayang'ana kapeti.

Chaka chatha. Chaka chonsecho tinkakwera basi imodzi, tinkadya m'poto imodzi, ndipo madzulo ankandifunsa kuti Mac yafika pati. Akanandiuza, ndikanafuna kwina, kapena ndikanachedwetsa ntchitoyo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Ntchitoyo itatha anawakweza kukhala oyang'anira makasitomala onse.

Bwana anati chibokosi chakalecho chitayidwe. Alamu, pofuna kuoneka achifundo, anati, "Mpatseni mlamu wangayu, akagulitse." Malipiro anga otsanzikira anali amenewo. A Gondwe anandithandiza kuchinyamula mpaka pamsewu ndipo sananene kuti ndinakuuza. Anangoti, "Uigwire bwino, ndi yokalamba."

Ndinakhalako miyezi ingapo ndikupenta mipanda ndi kutchetcha kapinga, mpaka ndinatopa ndi kuthawa. Ndinakwera thiransipota, Nkhunzi ili pamiyendo panga ulendo wonse. Pa chipata cha dziko wina anafunsa kuti ndi chiyani, n'kuseka ataona fumbi lake.

Kwathu nkhani inali itafika kale. Alamu anaimba foni kuti mnyamata uja wasiya yekha ntchito, sanazolowere, ankanyoza anzake. Anayenera kutero, chifukwa mlatho sungavomere kuti unagwetsa munthu m'madzi. Amama anandilandira ndi misozi. Adada anandiyang'ana, anayang'ana chibokosicho, n'kufunsa ngati ndicho ndabwera nacho. Nditayamba kufotokoza anakweza dzanja.

"A Moyo ndi munthu wamkulu. Sanganame chifukwa cha iwe."

Achemwali a Tiwonge, omwe kale ankandibisira chakudya ndikachedwa kubusa, tsopano anali mayi a nyumba ya njerwa zootcha yomwe inkamangidwa ku boma. Anandiuza kuti ndawachititsa manyazi kwa apongozi awo.

Sabata yoyamba yomweyo ndinafufuta zonse za mu Nkhunzi. Sikunali kuchenjera. Ndinali ndi mkwiyo basi, ndipo ndinkafuna kompyuta yogwiritsa ntchito. Kompaila yakale ija, foda ya Deni, tizidutswa tonse tija, ndinapukuta disiki yonse n'kuikamo Linux. Ndinapeza kakhonde pafupi ndi msika wa Mzimba n'kuyamba kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. Nkhunzi inadzaza ndi makwaya ndi mafilimu a nkhondo. Ndi yomwe inkandidyetsa.

Kunadutsa dzinja limodzi. Tsiku lina masana pikapu ya nambala za ku Joni inaima kutsogolo kwa khonde langa, ndipo sinali nyengo ya Khirisimasi. Alamu anatsika ataonda. Maso awo sanafike pa ine, anapita pansi pa tebulo pomwe panali chibokosicho.

"Monire, mlamu. Ikadalipo!"

"Ilipo."

Anafotokoza mwachangu ngati munthu wopanikizika ndi mkodzo. Kunali kasitomala wina wamkulu, wa mashopu ambiri a kumidzi, yemwe ankagwiritsabe ntchito makina akale ndi pulogalamu yakale. Aliyense anamuiwala, ine ndemwe. Malangizo anga atsopano ankamanga pulogalamu yatsopano yokha. Tsopano kasitomalayo ankafuna kuti risiti isinthidwe msanga, apo ayi achoka n'kukasuma. Pulogalamu yakaleyo inkamangika ndi kompaila yakale ija basi, yomwe sigulitsidwanso, ndipo madisiki ake anatayika. Anyamata a m'mwamba anayesa njira zonse. Bwana anakumbukira amene ananena kuti chibokosicho chiperekedwe kwa mlamu wake, ndipo anawauza kuti asabwerere popanda icho. Mapepala a alamu anali omangirira pa ntchito imeneyo.

Apa ndi pomwe ndikanati, alamu, mwavutika pachabe, m'katimo muli makwaya okhaokha. Mawuwo anafika pakamwa. Ndinawayang'ana nkhope, n'kukumbukira kapeti uja.

"Ndikupatsani," ndinatero. "Koma tikatengere ku Edingeni. Mukanene pamaso pa adada mmene ndinachokera ntchito."

"Mlamu, zakale zija..."

"Ndiye bwererani."

"Ndikugulira laputopu yatsopano. Ziwiri."

"Sindikugulitsa."

Tinapita. Nkhunzi inakhala pampando wakutsogolo, ine kumbuyo. Achemwali anakwera nafe, osadziwa chomwe chikuchitika. Tinapeza adada akusankha fodya m'chigafa. Anasangalala kuona mkamwini wawo, anaitanitsa mipando, amama anayamba kuthamangitsa nkhuku. Ndinati nkhukuyo idikire kaye, alamu ali ndi mawu.

Anayamba mozungulira. Za malamulo a ku Joni, za mavuto a makampani ang'onoang'ono. Ndinawadula.

"Ndinasiya kapena anandichotsa?"

"Anakuchotsa."

"Ntchito yomwe anandipatsa ndinaimaliza?"

"Unaimaliza. Mpaka lero ikugwira."

"Munadziwa liti kuti mapepala kulibe?"

Adada anaika pansi tsamba la fodya lomwe linali m'manja.

"Yankhani, a Moyo."

"Chaka chimodzi asanamuchotse, adada."

"Ndipo simunamuuze?"

"Sanandifunse."

Achemwali anagwira pakamwa. Amama anabwerera kukhitchini. Ine ndinkayang'ana adada. Ndinadikira zaka kuti ndione nkhope imeneyo. Sanandipepese, si anthu opepesa. Anatola tsamba lawo lija, n'kuliwongola pabondo nthawi yaitali, kenako anati, osandiyang'ana, "Ndiye unamaliza." Anatembenukira kwa alamu. "Inu mwandinamiza m'nyumba mwanga. Nkhuku ija isaphedwe." Kenako kwa ine: "Apatse chinthu chawocho. Ana a mlongo wako amadya pamenepo."

Ndinawapatsa. Alamu anachikulunga m'bulangete ngati wodwala, anachiika pakati pa mapilo kuti mabampu asachivulaze. Anafunsa ngati angachiyatse kaye kuti aone, koma kwathu kulibe magetsi, ndipo iwo anali pa changu choti akafike pa chipata chisanatsekedwe. Ine ndi amene ndinamanga chingwe. Ndinamanga bwino, mfundo ziwiri, kuti chikafike chamoyo. Anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti yewo chomene, mlamu, Mulungu akudalitse.

Foni yanga inayamba kulira alamu atafika ku Joni. Sindinayankhe. Inalira mpaka batire linatha.

Amene anabwera ndi achemwali. Anandipeza pakhonde langa, patebulo palibe kanthu koma zingwe. Sanakhale pansi. Anati alamu awachotsa ntchito, ndipo sakudziwa ngati mapepala awo akhalabe. Anati amisiri achoka pa nyumba ija, yaima pa mawindo, yopanda denga, ndipo mvula idzaipeza choncho.

"Unkadziwa kuti mulibe kanthu?"

"Ndinkadziwa."

"Pomwe unkamanga chingwe chija unkadziwa?"

"Eya."

"Bwanji sunanene?"

"Sanandifunse."

Ndinkaganiza kuti andimenya mbama, ndipo ndikanailandira. Anangondiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo wofanana ndi mlongo wawo.

"Iwo anakulakwira, ndamva ndi makutu anga. Koma ine ndinakulakwira chiyani? Ana anga anakulakwira chiyani?"

Anakonza chitenje chawo n'kunena kuti ana akadzafunsa chifukwa chake amalume sabweranso kunyumba, ndidzawauze ndekha. Anapita osacheuka, kudutsa pakati pa ogulitsa tomato.

Atangochoka kunabwera bambo wina wa kabaza, kasitomala wanga wakale, atatambasula foni kuti ndimuikire nyimbo zatsopano. Ndinamuuza kuti makina kulibe, anapita ku Joni. Anafunsa kuti abwera liti, ndinati sabweranso. Anafunsa kuti nanga ndizidya chiyani, ndinati sindikudziwa.

Mpaka pano sindikudziwa. Achemwali sandilankhula, ndipo ndikadutsa pa nyumba yawo yopanda denga ndimayang'ana kumbali. Anthu a ku tchalitchi anabwera kudzandiuza za kukhululuka, ndinawapatsa mipando n'kuwamvera mpaka anatopa. Mmodzi anandifunsa kuti, zitati zibwerere, ndingachitenso? Ndinamuuza zoona. Chingwe chija ndingamange mfundo zitatu.